Luso la amisiri a ku Mzuzu lisamangodikira mlendo

Mukatsika minibasi pa depoti ya Mzuzu n'kuyenda wapansi kulowera ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, muziyang'ana makoma. Pa malo ometera tsitsi pali mitu ya anyamata yoonetsa mametedwe osiyanasiyana. Pa butchala pali ng'ombe yonenepa, mbuzi ili pambali pake. Pa chigayo pali mayi atasenza thumba la chimanga, ndipo pa sukulu ya mkaka pali njovu, nkhuku ndi zilembo zamitundumitundu. Zonsezi zinajambulidwa ndi dzanja la munthu ataima pa benchi yobwereka, bulashi kumanja, kachitini ka penti kumanzere. Mukafunsa mwini butchala kuti anajambula ndani, kawirikawiri amangoti, "Mnyamata wina wake wa ku Masasa, dzina ndaiwala."

Ndikufuna kulankhula za munthu ameneyu ndi anzake, wosema ziboliboli, mayi woumba mbiya, woluka mikeka ndi madengu, onse amene sanalowepo m'kalasi ya zaluso. Mfundo yanga ndi yakuti umphawi wawo, ngakhalenso kubwerezabwereza kumene timawadzudzula nako, gwero lake ndi ife eni mzinda. Sitigula ntchito zawo. Tinawasiya m'manja mwa alendo odzaona malo, ndipo tikudabwa kuti akusema zokomera alendowo.

Moyo wa mmisiri wotere umayamba mofanana pafupifupi kulikonse. Ali mwana amaumba ng'ombe zadothi kudambo, zake n'kumakhala ndi linunda ndi nyanga zopindika bwino kuposa za anzake. Amapanga galimoto zamawaya zokhala ndi chiwongolero chokhotetsa mateyala. Amatola khala pamoto n'kujambula pakhoma, amayi ake n'kumukalipira poti angozira kumene. Kusukulu aphunzitsi amamuzindikira msanga, chifukwa ndi iye amene amaitanidwa kukajambula mapu a Malawi pa bolodi kapena ziwalo za m'mimba pa tchati. Phunziro la Expressive Arts lilipo m'mapulaimale athu, koma pasukulu yopanda penti, yopanda pepala lojambulapo, ana ali mulu m'kalasi imodzi, phunzirolo limathera pa manotsi oloweza. Mwanayo akapanda kusankhidwira ku sekondale, kapena fizi ikasowa ali Fomu 2, amabwera m'tauni kudzasaka ganyu.

Apa m'pamene maphunziro ake enieni amayambira. Amadziphatika kwa mkulu wina wosema, ndipo kwa miyezi yambiri ntchito yake imakhala kukhwecha ndi sandipepa ndi kupaka polishi basi, sompho osaligwira. Pang'onopang'ono amadziwa kuti mlombwa umamvera dzanja, kuti mbawa imatuluka yofiira bwino ikasalazidwa, kuti phingo ndi lolimba moti limabunthitsa chezulo msanga, kuti mtengo wauwisi ukausema lero umadzang'aluka ukauma uli kale m'nyumba mwa wogula. Amaphunzira kuyang'ana chipika n'kuona kumene mfundo yabisala asanachiteme. Wojambula naye amaphunzira kuchuluka kwa thina woyenera penti wamafuta, amadziwa kuti m'nyengo ya chifunga ndi mvumbi ya kuno penti amachedwa kuuma, kuti khoma lachinyezi limasuwa penti pakangopita miyezi yochepa, ndiponso kukula kwa chilembo choti munthu amene ali pa kabaza achiwerenge asanadutse. Palibe buku limene linamuuza zimenezi. Anazidziwa ataononga matabwa, atadzicheka zala, atabweza ndalama kwa makasitomala okwiya. Tikamangoti "anabadwa nalo luso ameneyu", timafufuta zaka zonsezo, ndipo tikazifufuta m'maganizo sitivutika kuzifufutanso pa ndalama zimene timamulipira.

Kuno kumpoto timanyadira sukulu, ndipo m'pomveka. Kuyambira pamene Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, makolo a m'chigawo chino akhala akugulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire. Komabe sukulu ya ku Khondowe ija inkaphunzitsanso ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku. Ntchito yamanja inali ndi ulemu wake. Masiku ano ulemu tinaupereka ku pepala lokha. Kwa zaka zambiri, wofuna digiri ya zojambulajambula ankayenera kupita ku Chancellor College ku Zomba. Samson Kambalu anadzera kumeneko, ndipo mu 2022 chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London. Tonse tinanyadira. Koma njira imeneyo ndi ya anthu owerengeka, ndipo zithunzi ndi zosema zimene Mmalawi wamba amakumana nazo tsiku ndi tsiku zimachokera kwa aja amene khomo la yunivesite sanalionepo.

Nanga mmisiri wathuyu amagulitsa kwa yani? Mzuzu ndi mzinda wodutsamo. Mlendo amagona usiku umodzi, asinthe ndalama, agule chakudya, mawa lake n'kutsetsereka kupita ku Nkhata Bay, kapena kukwera ku Nyika, ku Livingstonia, ku Chitimba. Wosema amadziwa bwino chimene munthu wotere amafuna: kanthu kopepuka kolowa m'chikwama. Njovu, mvuu, bawo lopinda, kathabwa ka makiyi kolembedwa dzina, mpando wachifumu uja wa matabwa awiri olowetsana, ndi chithunzi cha msodzi ali m'bwato dzuwa likutuluka panyanja. Ndamvapo anthu ophunzira akunena kuti zosema za ku Malawi ukaona sitolo imodzi waona zonse. Sakunama. Koma mufunseni mwiniwake chifukwa chake, adzakuyankhani mosabisa: "Bwana, mzungu amafuna njovu. Ndikasema zina ndidya chiyani?" Munthu amene ufa wa lero ukudalira malonda a lero sangathere masabata atatu pa chinthu chimene palibe wachiitanitsa.

Taganizani zimene sizikusemedwa chifukwa cha zimenezi. Mayi wa mumsika wa Taifa akutambasula chitenje. Wakabaza akukankha njinga pachitunda, matumba a makala atasanjikizana. Ocheka matabwa ku Chikangawa. Mlimi akuthyola khofi. Amuna a malipenga a ku Nkhata Bay ndi zovala zawo zoyera, Angoni a ku Mzimba akuponda ingoma, wovina vimbuza mangenjeza ali m'miyendo, gule amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi gule wamkulu. Mlendo wa usiku umodzi sangaitanitse zotere chifukwa sazidziwa. Amene tikuzidziwa ndi ife, ndipo ndi ife amene sitikuitanitsa.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka maulendo a ndege ndi zipata za m'malire, amisiri a m'mbali mwa nyanja ndi a mumzinda muno anatsala ndi ziboliboli zodzaza mashelefu popanda wofunsa mtengo. Ena analowa ukabaza, ena anabwerera kumudzi kukalima, ndipo si onse amene anabwereranso ku sompho. Kenako mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Penti, thina, vanishi, sandipepa, mabulashi, zonse zinakwera, poti zambiri mwa izo kapena zopangira zake zimachokera kunja. Mtengo wa chikwangwani sunakwere mofanana, chifukwa mwini okala naye akulira.

Tsopano tiyang'ane m'nyumba mwathu. Pabalaza la munthu wapantchito mumzinda muno mupeza kalendala, maluwa apulasitiki, ndi chithunzi cha mathithi a dziko limene mwini nyumba sadzafikako, chosindikizidwa ku fakitale ya kutsidya kwa nyanja. Ofesi ikamatsanzikana ndi bwana wopuma pantchito, anthu amasonkha ndalama n'kukagula wotchi yapakhoma. Pa ukwati mphatso zimakhala mabulangete ndi mafulasiki okhaokha. Matchalitchi ambiri amaitanitsa mitanda ndi zifanizo kuchokera kunja pomwe wosema ali m'kwaya momwemo. Ndipo tsiku limene tasankha kugula kwa mmisiri, timafika ndi mtima wankhondo. "Achimwene, tsitsaniko, si mtengo wakutchire chabe uwu?" Munthu yemweyo akalowa m'sitolo yaikulu amalipira zimene zalembedwa pa risiti osatsegula pakamwa. Zimandipweteka kuona bambo wa imvi, amene wathera sabata yathunthu pa chinthu chimodzi, akuchonderera mnyamata wa msinkhu wa mwana wake kuti, "Onjezaniko pang'ono bwana, ndipeze ya ufa."

Wina anena kuti dziko lino ndi losauka, chiboliboli sichidyedwa. Ndikuvomereza, ndipo sindikulankhula kwa mayi wogulitsa tomato amene akusowa ya sopo. Ndikulankhula kwa ife amalipiro apamwezi, ndiponso kwa mabungwe amene ali ndi bajeti: khonsolo ya mzinda, mayunivesite, mabanki, mahotela ndi malo ogona alendo, masinodi ndi madayosizi, mabungwe omwe si aboma. Ndalama zokongoletsera malo ndi zogulira mphatso zilipo kale ndipo zimatuluka chaka chilichonse. Msonkhano uliwonse umabwera ndi malaya osindikizidwa ndi mabana amene amatayidwa msonkhano ukatha. Chimene ndikupempha ndi chakuti gawo la ndalama zomwezo lizitsala ku Chiputula ndi ku Luwinga.

Winanso anena kuti makina osindikizira anabwera, bana ya pa kompyuta imatuluka tsiku lomwelo, zilembo zake n'zowongoka, ndipo wojambula pamanja nthawi zina amalakwitsa kalembedwe ka mawu. Pa chilengezo cha msonkhano wa mawa, makina apambana ndithu, ndipo sindikufuna kuti tibwerere m'mbuyo. Koma bana ikakhala padzuwa ndi pamvula ya kuno imafwifwa n'kung'ambika, pomwe khoma lopakidwa bwino limatha zaka. Chinanso, nkhope ya pa bana imatengedwa pa intaneti, ndipo mudzaipeza yomweyo pa saluni ya ku Karonga, ya ku Lilongwe ndi ya ku Mbeya. Onjezani makampani a mafoni ndi a sopo amene amapenta golosale yonse ndi mtundu wawo kwaulere. Wojambula amapezapo ganyu, inde, koma ganyu yodzaza penti m'mizere imene wina anajambuliratu ku likulu. Mzinda ukutaya nkhope yake khoma ndi khoma.

Kuti wogula wakomweko amasintha luso, umboni ulipo m'dziko momwemuno. Ku Mua m'boma la Dedza, wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Amisiri amene anasonkhana kumeneko anali anthu akumudzi. Chimene anapeza ndi malo ogwirira ntchito, nthawi, ndi wogula wokhazikika amene ankafuna nkhani zakwathu. Matchalitchi anayamba kuitanitsa mitanda, zitseko ndi zifanizo za oyera mtima a nkhope zachifirika, ndipo osemawo anayamba kusema miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Manja ngati amene ankasema ku Mua aliponso ku Mzuzu. Chimene kulibe ndi munthu wobwera n'kunena kuti, ndisemereni nkhani ya kwathu, ndalama yoyambira nayi, mutenge mwezi wathunthu.

Amalonda athu amene amadutsa pa Songwe kukapikula katundu ku Dar es Salaam amazidziwa zithunzi za Tingatinga, za nyama ndi mbalame zamawangamawanga. Mwini dzinalo, Edward Saidi Tingatinga, sanaphunzire zojambula kusukulu. Anayamba mu 1968, pogwiritsa ntchito penti wa njinga pa timatabwa ta siling'i, ndipo anamwalira mu 1972 ataomberedwa ndi apolisi amene anamuyesa munthu wina. Anajambula zaka zinayi zokha. Iyenso ogula ake ambiri anali azungu, ndipo m'kupita kwa nthawi omutsatira ena anagwa m'dzenje lomweli lobwereza zimene mlendo amakonda. Koma pali ziwiri zimene anachita zomwe amisiri athu ayenera kutengera. Ankalemba dzina lake pa chithunzi chilichonse, ndipo anaphunzitsa abale ake, amene pambuyo pake anapanga bungwe logwirira ntchito pamodzi lomwe lilipo mpaka lero. Mmisiri amene ali yekha pamsewu amagonja kwa wogula aliyense wonenerera, chifukwa akakana, mnzake wa pafupi avomera. Akakhala pagulu amatha kugwirizana mtengo wotsikitsitsa, kugula penti wambiri pamodzi, ndi kulandira oda yaikulu ya hotela imene munthu mmodzi sangaimalize.

Za dzina ndiimepo pang'ono. Zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni, zimene zili pa malo 127 ndipo UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, sitikudziwa anazijambula ndani, ndipo m'pomveka poti ndi zakalekale. Koma kuti wojambula amene ali moyo, amene timakwera naye minibasi imodzi, akhale wopanda dzina, chimenecho ndi chisankho chathu. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zojambula ndi zosema monga momwe limatetezera nyimbo, ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, si ya oimba okha. Chovuta n'chakuti chithunzi chopanda dzina n'chosavuta kuchilanda. Munthu amachijambula pa foni, n'kuchisindikiza pa malaya kapena pa kalendala, mwiniwake osalandira ngakhale tambala. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Mzuzu ikhoza kuthandiza pa ntchito yosafuna ndalama zambiri: kuyenda m'makwalala, kujambula zikwangwani zamanja zisanafufutidwe, kulemba amene anazipanga ndi mbiri zawo, ndi kupatula chipinda choonetsera ntchito za amisiri amoyo. Nayo TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ili ndi ndondomeko yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa anthu amene anaphunzira ntchito poigwira. Ndondomeko imeneyo iwafikire olemba zikwangwani ndi osema, chifukwa pepala ndi limene limatsegula khomo la ntchito za boma ndi za mabungwe.

Pali dandaulo limodzi limene sindingalipeputse, la mitengo. Phingo limakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo likusowa, moti kuyambira mu 2017 malonda a mitengo ya mtundu umenewu pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zimene zili pachiopsezo chotha. Osema ena amadetsa mtengo wamba ndi polishi wa nsapato n'kuutcha phingo, ndipo chinyengo chimenecho chimaononga mbiri ya onse. Koma taonani mmene kugulitsa motchipa kumathera nkhalango. Munthu amene akugulitsa njovu pa ndalama ya ndiwo ayenera kusema njovu zambirimbiri pamwezi kuti alipire lendi. Mukamulipira bwino pa ntchito imodzi yaikulu, chipika chimodzi chimamukwanira milungu ingapo. Ndipo wogula wakuno, amene safuna kukadzitama ku Ulaya kuti ali ndi mtengo wakuda wa ku Africa, akhoza kulandira mosangalala chosema cha malaina, cha mango kapena cha jakaranda, mitengo yodzala imene ili ponseponse. Tisaiwalenso kuti amene akumeta mapiri otizungulira ndi makala amene tonsefe tikuphikira, osati sompho la wosema.

Amayi oumba ndiwo aiwalika koposa. Mtsuko unagonja kwa chigubu, mphika wadothi unagonja kwa poto, ndipo ambiri amene akuumbabe akupulumukira pa mbaula za chitetezo ndi miphika ya maluwa. Komatu mayi amene amadziwa dothi loyenera, kuliponda, kuumba popanda makina, kukhwaza mizere pakhosi pa mbiya ndi kuotcha osaswa, ali ndi nzeru zimene zikhoza kutha ndi m'badwo wake. Malo odyera amene amanyadira chakudya chachimalawi angathe kuphika nyemba ndi nsomba mumphika wadothi n'kuzibweretsa patebulo momwemo, ndipo oda imodzi yotere ingadyetse banja kwa miyezi.

Ukalamba wa mmisiri wodziphunzitsa ndi wowawa. Maso amayamba kuchita chidima, msana umakana kuwerama, chifuwa chimadzaza fumbi la matabwa ndi fungo la thina. Penshoni palibe. Mwana wake, amene wakula akuona bambo ake akunyozedwa pamtengo, amasankha njinga yamoto. Sindingamudzudzule mwanayo. Adzatsatira ntchito ya bambo ake pokhapokha ataona kuti imalipira fizi ndiponso kuti anthu olemekezeka amafika pakhomo kudzaitanitsa katundu.

Khonsolo ya mzinda ili ndi mbali yaikulu. Amisiri akufunika malo okhazikika okhala ndi denga, pafupi ndi pamene anthu amadutsa, poti mvula ya ku Mzuzu siilola munthu kuyala zojambula pansi kwa miyezi yambiri pachaka. Nyumba iliyonse yatsopano ya boma, msika, chipatala kapena sukulu, izipatula kandalama kochepa pa bajeti yomangira kuti khoma limodzi lijambulidwe kapena chitseko chimodzi chisemedwe ndi mmisiri wa mumzinda muno, posankhidwa poyera. Ntchito yoyamba ilipo kale yoonekeratu. Mzuzu unayamba m'ma 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, imene mbewu zake amayengamo mafuta, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Anthu amene anagwetsa tchire, kudzala mitengoyo ndi kutola mbewu zake ndiwo anayala maziko a mzinda uno, ndipo adzukulu awo ali pakati pathu. Khonsolo iitanitse amisiri a m'makwalala kuti apikisane kupanga chiboliboli cha anthu amenewo choti chiime pa raundabauti imodzi ya m'tauni, iwapatse miyezi yokwanira, ndipo wopambana imulipire monga momwe imalipirira kontirakitala wa msewu.